Malangizo aulere a pa foni: anandiyankha msanga, koma mwana wanga sanamufunse bwino

Ndimasoka zovala ku Kamwala, m'kashopu kamene timagawana lendi ndi mnzanga, ndipo ndimakhala ku Chilenje. Kwathu n'ku Katete. Amayi anzanga a pagulu lathu la WhatsApp, la makolo a ana a autism (mmene ubongo wa ana ena umagwirira ntchito mosiyana, makamaka pa kucheza ndi anthu ndi kumva zinthu), akhala akundifunsa za bungwe lina lachifundo la ku UK limene ndinkalemberana nalo mu 2024. Bungweli limapereka malangizo aulere pa chat ndi pa imelo kwa makolo ndi achinyamata, makamaka pamene mwana akunena kuti sadzimva kukhala mtsikana kapena mnyamata monga anabadwira. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, choncho ndalemba zonse pano. Dzina la bungwelo sinditchula, ndipo la mwana wanga ndiye ayi ndithu. Pa nyenyezi zisanu bungweli ndikulipatsa ziwiri, ndipo ziwirizo ndikupereka ndi mtima wonse.

Wachisamba wanga anabadwa mu 2011. Madokotala a ku chipatala chachikulu cha UTH anatiuza kuti ali ndi autism ali ndi zaka 6, titazungulira kale m'mapemphero ndi kumva zonena za anthu, zakuti tinamukhwimira kuti shopu iziyenda. Amalankhula bwino, Chingerezi kuposa Chinyanja chifukwa cha YouTube, ndipo minibasi iliyonse yochoka pa Kulima Tower amadziwa kumene imadzera. Koma mawu amawatenga monga mmene alili. Tsiku lina ndinamuuza pa msika wa Chilenje kuti "ima pompano, ndikubwera," ine n'kukumana ndi kasitomala wamacheza. Ndinamupeza ataima pamalo omwewo, mvula ikumuvumba, khonde lili pafupi. Ululu nawonso sanena. Anayendapo masiku awiri ndi singano yothyoka m'chidendene, ife n'kuzindikira chifukwa cha magazi pa sokosi. Zinthu ziwirizi muzikumbukire, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Anatha msinkhu mu June 2024. Azakhali ake anabwera, kululutira, kumuveka chitenje, amvekere: "Wakula tsopano, ndiwe mayi." Mwana anagona pansi pa tebulo usiku wonse. Patapita miyezi iwiri, tikudya nsima ya kapenta kandulo ili pakati, anangoti, "Amama, ine sindine mtsikana." Ananena ngati akutchula mtengo wa basi. Bambo ake anasamba m'manja n'kutuluka panja. Apongozi atamva anati tiitane alangizi amuike m'nyumba sabata imodzi, zonse zidzawongoka. Mayi wina wa kutchalitchi anati ndi chiwanda, tipite naye kuphiri. Aliyense anali ndi yankho tsiku lomwelo. Mlamu wanga amene amasamalira okalamba ku Leicester ndiye ananditumizira linki ya bungweli.

Zabwino zake ndiyambe nazo. Salipiritsa kalikonse, umangofunika bandulo. Chat yawo imatsegulidwa madzulo kwawoko, ndipo popeza nthawi yawo imatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo, kuno imapezeka usiku ntchito zitatha. Chaka chimenecho madzi a m'damu la Kariba anali atachepa kwambiri, magetsi ankabwera maola ochepa, ndiye foni ndinkatchajira kushopu n'kusunga batire ya usiku. Ndinalemba koyamba cha m'ma 21 koloko, manja akunjenjemera, ndipo mphindi khumi zisanathe munthu anayankha. Anali munthu woyamba amene sananene kuti mwana wanga ndi tsoka kapena kuti ndinamulera molakwika. Anandiuza kuti ndisamumenye, ndisamuseke, ndisamukakamize kubweza mawu ake. Kenako anandifunsa ngati mwanayo anayamba wanenapo zofuna kufa kapena kudzivulaza, n'kundilimbikitsa kuti ndimufunse mosazungulira. Ine ndinkaopa kuti kufunsa n'kumupatsa maganizo. Ndinamufunsabe m'mawa mwake, ndipo anandionetsa pamene ankadziluma pamkono akakhala kumwezi. Pa funso limenelo lokha ndimawathokoza mpaka lero. Nyenyezi ziwiri zija zachokera pamenepo.

Funso lawo lachiwiri linandiseketsa, misozi ili m'maso. Anafuna kudziwa ngati mwanayo akufuna kumatchulidwa kuti he, she kapena they. Ndinayankha kuti pakhomo pathu amuna, akazi, agogo ndi khanda, onse ndi iye. Chinenero chathu sichisiyanitsa pamenepo. Kwa ife ukazi uli m'chitenje, m'kugwada popereka madzi, m'kutsuka mbale pamene mlongo wako akuonera mpira, m'kuitanidwa kuti Naphiri pamene mnyamata ndi Phiri. Wolembayo anati n'zochititsa chidwi, n'kubwerera ku mndandanda wake. Apo m'pamene ndinayamba kuona kuti ndikulankhula ndi munthu wamtima wabwino amene ali ndi pepala patsogolo pake.

Za autism ndinalemba m'chiganizo choyamba cha uthenga wanga woyamba. Yankho linali lakuti ana a autism amadzidziwa okha monga mwana wina aliyense, choncho ndimukhulupirire. Mawuwo sindikuwakana. Ana athuwa amanyozedwa kwambiri ndi anthu oganiza kuti alibe nzeru, ndipo ine ndamenyera nkhondo zaka zambiri kuti mwana wanga azimvedwa. Koma kumukhulupirira mwana n'kufuna kumvetsa chimene akutanthauza, ndipo iwo sanafunse. Sanafunse kuti mawuwa anayamba liti. Za kusamba ndinazitchula ndekha, iwo n'kungodutsapo. Sanafunse ngati pali munthu amene anamugwira kapena kumuopseza, funso limene aliyense wogwira ntchito ndi atsikana olumala amayenera kuyambira. Mmene amamvera nsalu pakhungu, phokoso, fungo, zonsezo sanazikhudze. Patapita milungu iwiri ndinalankhula ndi wina wa iwo, ndipo chiganizo chija cha ana a autism chinabweranso liwu ndi liwu, ndi kadontho komwe. Ndine telala, ndimadziwa chovala chosokedwa popanda kuyeza munthu.

Malangizo awo ambiri anali a dziko lawo. Anati ndipite kwa GP, dokotala wa banja amene ife kuno tilibe. Anati ndilembere kalata sukulu kuti aphunzitsi ayambe kumutchula dzina latsopano, ndipo anandipatsa chitsanzo cha kalatayo chotchula malamulo a ku Britain. Ndinawauza kawiri kuti ndili ku Lusaka. Kuno Penal Code imaletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha, ndipo mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15, asanakhululukidwe chaka chotsatira. Lamulolo silikunena za mwana amene sakufuna diresi, koma anthu a pamsewu ndi ana a sukulu sasiyanitsa. Kalata ngati imeneyo ikanayenda m'manja mwa aphunzitsi, pofika Lachisanu Chilenje yonse ikanadziwa, ndipo wonyamula mtolowo ndi mwana amene sadziwa n'komwe kuti akumunyoza mpaka atamuponya mwala. Ndinalemba zimenezi. Anayankha kuti akumva chisoni kuti ndikukhala m'malo ovuta, n'kunditumizira nambala yaulere imene imagwira ku UK kokha.

Kenako panabwera nkhani ya binder, kamalaya kothina kamene kamafinya mabere kuti chifuwa chioneke chafulati. Sanandikakamize, ndinene zoona. Anati achinyamata ena kamawathandiza, ndipo anatumiza kapepala konena kuti asamavale kupitirira maola 8, asagone nako, ndipo akamva kupweteka kapena kubanika avule. Akamva kupweteka! Mwana wa singano m'chidendene uja. Tinali tikulowa mu Okutobala, dzuwa la Lusaka likuswa mtengo, iye amakwera minibasi yodzaza kawiri patsiku. Ukamuuza kuti maola 8 adzavala maola 8 ndendende, ngakhale akukomoka, chifukwa pepala lanena. Chitetezo chonse cha kapepalako chinatsamira pa chinthu chimene mwana wanga sachita, ndipo ndinali nditawauza kale.

Kapepala kena kanali ka mankhwala oimitsa kutha msinkhu. Kanati ali ngati kudina batani loimitsa kanema, ukasiya zonse zimabwerera mwakale. Kanalibe deti, kanalibe dzina la dokotala. Mankhwalawo ife sitikanawapeza n'komwe, koma mwana anakawerenga, ndipo kwa mwezi wathunthu ankandifunsa m'mawa uliwonse kuti batani lija tikagula liti.

Mlamu yemwe uja, atamva kudandaula kwanga, ndiye anandiuza kuti kwawoko nkhaniyi inali itavuta kale. Mu 2020 NHS England, yoyang'anira zipatala za boma kumeneko, inapempha dokotala wa ana, Hilary Cass, kuti aunike chithandizo chimene ana otere ankalandira. Lipoti lake lomaliza linatuluka mu April 2024, miyezi ingapo ine ndisanalembe uthenga woyamba uja. Linati umboni wa ubwino wa mankhwala oimitsa kutha msinkhu ndi wofooka, ndipo pali nkhawa pa kulimba kwa mafupa. Linatinso mwana akangotchula za kudzimva mnyamata kapena mtsikana, mavuto ake ena amaphimbika, anthu n'kumangoona chimodzicho, choncho mwana aliyense aziunikidwa yense, kuphatikizapo kuona ngati ali ndi autism. Kiliniki ya Tavistock ku London imene inkaona anawa inatsekedwa mu March chaka chomwecho. Alipo madokotala ndi mabungwe amene amatsutsa lipotili, ndipo ine telala sindingaweruze mkangano wa madokotala. Chimene chinandipweteka n'chakuti anthu amene ankandilangiza ankadziwa kuti mkanganowo ulipo, koma kapepala kawo kanalankhula ngati nkhani inatha kalekale. Mu October 2024 Charity Commission, imene imayang'anira mabungwe achifundo ku England ndi Wales, inatulutsa zotsatira za kafukufuku wake pa bungwe la Mermaids, lothandiza ana otere ndi makolo awo. Si limene ine ndinkalemberana nalo. Inapeza kuti kayendetsedwe ka bungwelo kanali ndi zolakwika, ngakhale sinapeze umboni woti linkapereka malangizo a chipatala, ndipo inaliuza kuti liunikenso zimene linkanena zakuti mankhwala aja amabwezeka, komanso kuti makolo asamasiyidwe kumbali pa nkhani ya ma binder. Ndiye kuti mawu akuti "lachifundo" ndi "lolembetsedwa" satanthauza kuti zonse zolembedwa pa webusaiti zinayesedwa.

Ndinawerenganso kuti akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge, mu 2020, ataona mayankho a anthu opitirira 600,000, anapeza kuti anthu amene sadzimva monga anabadwira amapezeka ndi autism kuwirikiza katatu mpaka kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi ena. Zimenezi zinanditonthoza, chifukwa ndinaona kuti mwana wanga si woyamba. Zinandikwiyitsanso, chifukwa zikutanthauza kuti amayi ngati ine amalembera bungwelo tsiku ndi tsiku, komabe za autism ali ndi chiganizo chimodzi chokopera.

Tsopano chimene chinandichotsa kumeneko, ndipo apa nanenso ndili ndi mlandu. Ali ndi chat ya achinyamata, ndipo ndinamulola kuti azilemba pa foni yanga ndikamaphika. Ndinkati mwina adzamasuka kwa iwo kuposa kwa ine. Poyamba penipeni anamuuza kuti zimene akambirane ndi zachinsinsi, sakakamizidwa kuuza makolo. Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Alipo ana amene akaulula amamenyedwa kapena kuthamangitsidwa pakhomo, ndipo pano pa Lusaka tikuwadziwa. Koma mwana wanga sanamve kuti "sukukakamizidwa." Anamva lamulo: za pa foni sauza amayi. Kenako m'macheza a gulu la achinyamatawo wina anaika linki ya gulu lina la pa Discord, pulogalamu yochezerapo pa intaneti, losayang'aniridwa ndi bungwelo, ndipo linkiyo inakhala pamenepo mpaka iye anaidina. Kumeneko munthu wina wodzitcha wa zaka 15 anayamba kumulembera payekha. Anamuyamikira, anamufunsa za minibasi zake, kenako anamupempha chithunzi cha pachifuwa kuti amuthandize kusankha saizi ya binder.

Chinatipulumutsa ndi tepi yanga yoyezera. Anabwera kudzaipempha, chifukwa m'mutu mwake saizi imapezeka ndi tepi, osati ndi chithunzi, ndipo ankafuna kumukonza munthuyo kuti walakwitsa. Nditafunsa kuti akuyeza chiyani anati, "N'zachinsinsi, anatero." Ndinakhala pansi pa simenti. Zinanditengera ola lathunthu kuti ndimufotokozere kuti lamulo limenelo lili ndi malire, ndipo ndinachita kulemba papepala lamulo latsopano, lakuti aliyense wopempha chithunzi cha thupi amauzidwa kwa amama nthawi yomweyo. Chithunzi sichinatumizidwe. M'mawa ndinaimba 116, nambala yaulere ya Childline kuno ku Zambia, ndipo mayi amene anayankha analankhula nane Chinyanja, anandiuza kuti ndijambule mauthenga onse ndisanatseke akauntiyo, n'kundilozera ku Victim Support Unit ya apolisi.

Sindikunena kuti bungwelo ndilo linatuma munthu ameneyo. Koma amene amasonkhanitsa ana pamalo amodzi, ena mwa iwo a autism, ayenera kudziwa kuti afisi amazungulira khola. Mwana wa autism amakhulupirira zimene wauzidwa, sazindikira msanga mawu okopa, ndipo kawirikawiri alibe anzake, moti woyamba kumusekerera amasanduka bwenzi lapamtima. Mawu akuti "chinsinsi" kwa mwana wotere amayenera kubwera ndi zitsanzo, kuti ichi ungasunge, ichi usasunge. Children's Code Act ya 2022 imafuna kuti mabungwe ogwira ntchito ndi ana kuno akhale ndi ndondomeko zotetezera ana, koma bungwe la kutsidya kwa nyanja limene mwana wako akulipeza pa foni, ukalakwiridwa ulibe khomo loti ukagogode.

Pambuyo pake tinapita kwa katswiri wa za maganizo kuno ku Lusaka, wolipira. Ndinayamba ndapempha kuona laisensi yake ya Health Professions Council of Zambia, zimene kale ndikanachita nazo manyazi. Ndalama zake zinadya phindu la mayunifolomu a Januwale. Maulendo atatu oyamba sanapereke yankho lililonse, moti bambo ake anati tikungotaya ndalama. Ankangofunsa, ndipo popeza mwanayo amavutika kufotokoza za mumtima, anamupatsa pepala kuti alembe zimene amadana nazo pa kukhala mtsikana, chilichonse pamzere wake. Analemba 14. Magazi amabwera osanena tsiku. Padi imalira poyenda. Lamba wa bra amaluma. Makondakitala ayamba kumuitana mayina ndi kumugwira mkono. Kugwada kumapweteka mawondo ndipo mlongo wake sagwada. Nambala 9 inali yakuti azakhali anati ndi mayi tsopano, ndipo mayi amakhala ndi mwana, ndipo iye safuna mwana atuluke m'mimba mwake. Miyezi yonseyo ankadikira kuti khanda libwera.

Ndikanakonda kunena kuti nkhani inathera pamenepo, kuti zonse zinali padi ndi lamba. Anthu ena pagulu lathu amafuna ndinene choncho. Koma nambala 14 inati: "Ndikamaganiza za ine m'mutu, ndimaona mnyamata, kuyambira Grade 2." Katswiriyo sanafafanize mzerewo, ndipo sanaukweze pamwamba pa inayo. Anati tikonze zimene zikukonzeka, tione chimene chitsale, ndipo chotsalacho tidzachimvetsere popanda kuthamanga. Anauzanso apongozi, mwaulemu koma mosabisa, kuti kumutsekera m'nyumba ndi alangizi kapena kumukuwira m'mapemphero usiku wonse kungamuvulaze kwambiri mwana amene amatseka makutu akamva blenda.

Zokonzeka ndinakonza ndi makina anga. Ndinamusokera makabudula amkati a nsalu zitatu zofewa m'malo mwa padi, misoko ili kunja. Ndinasoka mavesiti a thonje ogwira bwino koma osafinya, opanda lamba, opanda chikwangwani pakhosi. Kalendala ili pachitseko, ndipo masiku ake amawerenga yekha, molondola kuposa ine. Kusukulu ndinangopempha kuti azivala thalauzi la yunifolomu chifukwa cha autism, osatchula zina, ndipo analola. Tsitsi anameta. Kudziluma kunasiya cha mu February. Pakhomo timamuitana dzina lachibwana limene agogo ake aamuna anamupatsa ali khanda, loti mnyamata kapena mtsikana angathe kulitenga. Masiku ena amanenabe za nambala 14, masiku ena mwezi umatha osaitchula.

Kwa mayi amene ali yekha usiku, mwana wanena mawu otere ndipo nyumba yonse ikukuwa, chat imeneyi ingamuthandize kupuma ndi kusamenya mwana. Pa zimenezo ipiteni. Koma lembani nokha, foni musamusiyire mwana wa autism, ndipo kapepala kalikonse konena za mankhwala kapena za thupi, funsani kuti analemba ndani, chaka chanji, musanakasiye poti mwana angawerenge.

Dandaulo langa ndinatumiza pa imelo mu November, ndi zithunzi za mauthenga aja. Anayankha patapita masiku 19. Anapepesa, anati linki ija anaichotsa ndipo oyang'anira macheza awakumbutsa ntchito yawo. Pa funso langa lakuti antchito awo amaphunzitsidwa chiyani za autism, anati akukonza maphunziro. Kapepala ka batani kaja ndinakayang'ananso mwezi watha, ndipo sikalinso pa webusaiti yawo. Ka binder kalipobe, ndipo kakunenabe kuti mwana akamva kupweteka avule.